Musamangenso, tikusamutsani

M'chaka cha 2012 anthu a ku Kanyika, m'dera la Inkosi Mabilabo ku Mzimba, adalandira uthenga umene madera ambiri mwathu muno amaulandira ndi nthungululu. Pansi pa minda yawo padali chuma. Kampani ya Globe Metals and Mining, yolembetsedwa ku Australia, idali itafufuza kwa zaka zingapo n'kupeza mwala wa niobium, umene amasakaniza ndi chitsulo kuti chikhale cholimba, chitsulo chopangira milatho, mapaipi a mafuta ndi injini za ndege. Mgodi ukubwera, adatero, ndipo mabanja oposa 200 ayenera kusamuka kuti ntchito iyambe. Katundu wawo adawerengedwa kuti adzalandire chipukuta misozi. Eni mudziwo akhala akunena kuti adauzidwanso kuti asamange nyumba zina kapena kuyamba chitukuko chokhalitsa pamalopo, popeza zimene zidzawonjezeke pambuyo pa kalemberayo sizidzalipiridwa.

Anthu adamvera. Ndani akadapanda kumvera, mawu atachokera kwa mabwana ofika pa galimoto, a boma ali pomwepo? Koma taganizani chimene mawu amenewa amachita pakhomo la munthu wa kumudzi. Bambo wagulitsa fodya, ndalama ya malata ili m'thumba, koma akuti ndikhomerenji malata pa nyumba yoti igwetsedwa mawa. Ndalamayo ithera m'zina. Khoma lachita mng'alu, mayi angotsamiritsapo mtengo. Mnyamata wakwatira, mwambo ukuti amange yake, koma aumbirenji njerwa? Manyowa a m'khola amene akadapita kumunda angotsala pomwepo, poti palibe amene amanenepetsa munda woti ausiya. Mbande ya mango kapena ya malalanje, imene imafuna zaka zingapo kuti ibale, siidzalidwa. Dzinja limodzi lidapita, lachiwiri, lachitatu, kusamuka osaoneka, ndalama osaoneka. Anthu adali pamalo pawo pomwe, koma akukhala ngati alendo oyembekeza basi.

Kampani idali ndi zifukwa zake. Zokambirana ndi boma zidatenga nthawi yaitali, ndipo ndalama zotsegulira mgodi waukulu chotero sizipezeka tsiku limodzi. Chiphaso chokumbira chidatuluka mu 2021, ndipo mgwirizano wa pakati pa boma ndi kampaniyo udasainidwa mu 2023, patatha zaka khumi ndi chimodzi chimvereni anthu kuti asamuka. Mwana amene adabadwa chaka cha kalembera uja adali atafika kale m'makalasi akuluakulu a pulayimale. Pakati pa zakazo, mu 2017, anthu a ku Kanyika adatopa n'kutengera nkhaniyi ku khoti lalikulu ku Mzuzu mothandizidwa ndi bungwe la Southern Africa Litigation Centre. Kupita kukhoti n'kwabwino, koma khoti silibweza dzinja limene munda udagona, silibwezanso nkhalamba imene idatisiya ikudikira.

Sindikuwanena anthu a ku Kanyika kuti adapusa, ayi. Adachita zimene tonsefe tidaphunzitsidwa: kulandira mlendo, kumvera akuluakulu, kusakayikira mawu a boma. Chimene chidasowa m'manja mwawo n'chikalata chonena tsiku losamuka, ndalama ya banja lililonse, malo okakhala, ndi chimene kampani idzalipire pa chaka chilichonse chimene tsikulo ladutsa anthu akadali pomwepo. Kukadakhala kuti kuchedwa kuli ndi mtengo wake wolembedwa, wochedwayo akadamva kuwawa limodzi ndi wodikira. Popanda chikalata chotero, kuchedwa kudali kwaulere kwa kampani, kwaulere kwa boma, ndipo mtolo wonse udagwera mlimi.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'chifukwa chake nkhani ya Kanyika tiyenera kuiika pamodzi ndi ya ku Karonga. Kumeneko, ku Kayelekera, kampani ya Paladin ya ku Australia idagwirizana ndi boma mu 2007 zokumba yureniyamu, ndipo mgodi udatsegulidwa mu 2009, m'nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Udali mgodi waukulu kuposa wina uliwonse umene dziko lino lidaonapo. Mgwirizanowo udali wa mbali ziwiri zokha, boma ndi kampani, ndipo kwa zaka zambiri Amalawi wamba sadauone ndi maso. Anthu okhala m'mphepete mwa mitsinje ya Sere ndi North Rukuru, amene madzi awo ndi amene adali pachiswe, sadali mbali ya chikalatacho. Mabungwe omwe si a boma adapita kukhoti chaka chomwecho cha 2007 kudandaula za chitetezo cha anthu ndi chilengedwe, nkhaniyo n'kuthera kunja kwa khoti.

M'mgwirizanowo boma lidatenga magawo 15 pa 100 a mgodi, koma lidatsitsa msonkho wa pa mwala wogulitsidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 peresenti m'zaka zitatu zoyambirira, kenaka 3 peresenti. Mu 2015 bungwe la ActionAid lidawerengetsa kuti m'zaka zisanu ndi chimodzi dziko lidataya madola 43 miliyoni a ku America kudzera m'kutsitsa misonkho kotereku ndi m'njira zimene kampani inkatumizira ndalama kunja kudzera ku Netherlands. Kampani idatsutsa, n'kunena kuti mgodiwo sudaipindulire. Tinene zoona, Paladin idasiyapo kanthu: ntchito ya madzi a m'mipopi pa boma la Karonga, imene kampaniyo imati idadya madola pafupifupi 10 miliyoni. Madzi amenewo ndi enieni ndipo anthu adamwa. Koma boma la Karonga lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku mgodi. Mphatso yaikulu idapita kumene kuli maofesi, pamene fumbi, phokoso la magalimoto ndi mantha a poizoni zidatsalira oyandikana ndi dzenje. Wopereka mwa kufuna kwake ndiye amasankha kopereka.

Kenaka zidachitika zimene palibe wa ku Karonga akadaziletsa. Mu March 2011 chivomerezi ndi madzi osefukira zidaononga malo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima, m'dziko la Japan. Mtengo wa yureniyamu udagwa pa msika wa dziko lonse, ndipo mu February 2014 Paladin idaimitsa kukumba. Ntchito zambiri zidatha, ogulitsa ndiwo ndi ochititsa lendi adatsala manja ali m'khosi. Mu 2020 mgodiwo udagulitsidwa kwa kampani ina ya ku Australia, Lotus Resources. Apa pali funso limene mudzi uliwonse uyenera kulisunga: mwini mgodi akasintha, malonjezo amene woyamba uja adanena pansi pa mtengo amapita kwa yani? Wogula amagula chiphaso, makina ndi ngongole zolembedwa. Mawu a pamsonkhano sakhala m'mabuku amene amapatsirana.

Zowawa kwambiri zili ku Mwabulambo, ku Karonga komweko. Kampani ya Eland idakumbako malasha, mabanja ena adasamutsidwa, ndipo mu 2015 idalongedza n'kupita osakwirira maenje. Bungwe la Human Rights Watch litayendera deralo lidatulutsa lipoti mu 2016 lofotokoza za maenje osiyidwa pululu, milu ya malasha, ndi anthu osadziwa ngati madzi amene akumwa ndi kuthirira mpunga ndi abwino kapena ayi. Kusadziwako n'chilango pachokha. Mayi akaona mwana akutsegula m'mimba kapena mpunga ukufota, alibe poyambira kudandaula, chifukwa palibe amene adayeza madziwo mgodi usadabwere kuti lero tiyerekeze. Kampani ikangoti madzi anu adali choncho kale, mlandu wathera pomwepo.

Ngakhale kutsidya kwa malire, kwa abale athu a ku Tete ku Mozambique, nkhani ndi yomweyi. Kampani ya Vale ya ku Brazil, imene idamanga njanji yodutsa m'dziko lathu lino kupita ku doko la Nacala, idasamutsa mabanja oposa 1,300 ku Moatize kuyambira mu 2009 kuti ikumbe malasha. Ambiri adapita nawo ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku tawuni kumene ankagulitsa makala, njerwa ndi ndiwo zamasamba. Nyumba zatsopano zidayamba ming'alu, minda yambiri idali yamiyala, ndipo pa mahekitala awiri amene adalonjezedwa adayamba alandira imodzi. Mu January 2012 anthu mazanamazana adakakhala pa njanji kutsekereza sitima ya malasha, apolisi n'kuwabalalitsa mwankhanza. Pambuyo pake ndiye nyumba zidayamba kukonzedwa. Mu 2022 Vale idagulitsa mgodi ndi njanji zomwe kwa kampani ya Vulcan, iyo n'kuchoka.

Mukaziika pamodzi nkhanizi muona kuti mudzi umakhala ndi mphamvu nthawi imodzi yokha, ndipo nthawiyo ndi yaifupi: pamene kampani ikufuna malo koma siidawatenge. Pa nthawi imeneyo mabwana amabwera okha, amavula chipewa, amakhala pa mpando wa ndalema kwa a gulupu, amafunsa kuti mavuto anu ndi otani. Amatero chifukwa mabanki owakongoza ndalama ndi a boma oona za chilengedwe amafuna umboni woti anthu afunsidwa. Mpanda ukangozungulira, mlonda n'kuima pa geti, zinthu zimatembenuka. Tsopano ndinu amene mumalemba kalata yopempha kuonana ndi bwana, n'kuuzidwa kuti ali ku Lilongwe. Zimene simudalembetse m'nyengo yoyamba ija mudzazipempha chogwada m'nyengo yachiwiri.

Mwayi ulipo tsopano umene a ku Kayelekera adalibe mu 2007. Nthawi imeneyo tinkayendera lamulo la migodi la 1981, limene silinkakakamiza kampani kugwirizana chilichonse ndi anthu ozungulira. Lamulo latsopano limene lidayamba kugwira ntchito mu 2019 lidabweretsa mgwirizano wa chitukuko pakati pa kampani ndi anthu a m'deralo, ndipo lamulo la 2023 limene lidalowa m'malo mwake lidausunga. Kampani ya chiphaso cha mgodi waukulu iyenera kusainirana ndi anthu oyandikana nawo ndi kugwiritsa ntchito ndalama zosachepera 0.45 peresenti ya zonse zimene yagulitsa pa chaka pa chitukuko cha deralo. Ku Kayelekera mgwirizano wotere udasainidwa ndi Lotus kumayambiriro kwa 2025, chaka chimene mgodi udayambanso kukumba, patatha zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi chitsegulireni koyamba.

Ubwino wa lamuloli ndi woti ndalamayo imawerengedwa pa zogulitsa, osati pa phindu. Phindu limabisika m'mabuku, ndipo kampani ikhoza kukumba zaka zisanu n'kumanena kuti ikuluza. Koma tiwerenge bwino: 0.45 peresenti ndiye kuti pa K1,000,000 iliyonse ya miyala yogulitsidwa, mudzi upeza K4,500. Ndi poyambira chabe, ndipo lamulo likuti zosachepera, kutanthauza kuti palibe choletsa anthu kupempha zoposa. Mipata ina ndi yaikulu. Lamulo la 2019 lidati anthu oyenera mgwirizanowu ndi a dera la anthu oposa 3,000 okhala mkati mwa makilomita 20 kuchokera pa mgodi. Migodi yocheperapo, ngati yambiri ya malasha ndi ya miyala ya kwale, siikakamizidwa. Ndalamayo imayamba mwala ukayamba kugulitsidwa, choncho zaka zonse za kafukufuku ndi zodikira, zaka zimene zidapweteka Kanyika, zili kunja. Ndipo lamuloli ndi la migodi yokha. Damu la magetsi, esiteti ya nzimbe, hotela ya m'mphepete mwa nyanja yotseka doko la asodzi, msewu waukulu wodula minda, zonsezi zimafuna kuti anthu adzipangire okha mgwirizano, popeza palibe adzawabweretsere.

Tsono tiyeni tione tsiku la msonkhano, poti ambiri timagwera pamenepo. Uthenga umafika dzulo lake madzulo. M'mawa magalimoto afika pa sukulu, mipando ya pulasitiki yaikidwa kutsogolo, amayi akhala pansi cha kumbali. Wina aonetsa mapu amene okhala kumbuyo sakuwaona, alankhula Chingerezi, womasulira n'kufupikitsa mawu a mphindi zisanu kukhala chiganizo chimodzi. Atchula sukulu, chipatala, mijigo, ntchito za achinyamata, anthu n'kuwomba m'manja. Nthawi ya mafunso apatsa anthu atatu chifukwa alendo akuthamangira msonkhano wina. Pomaliza pamabwera Fanta ndi mabanzi, ndipo pepala liyamba kuyenda: lembani dzina, sainani kapena dindani chala kuti mulandire ya transipoti. Pepala limenelo liyang'anitsitseni. Pamwamba pake palembedwa chiyani? Mndandanda wa obwera kumsonkhano umatha kukamatidwa kumbuyo kwa lipoti n'kukhala umboni woti mudzi udafunsidwa ndipo udavomera. Munthu adadinda chala chifukwa cha botolo la chakumwa, dzina lake n'kukaimira munda wa makolo ake.

Za mafumu ndinena mwaulemu koma mosabisa. Mfumu ndi mwini mudzi, ndipo mgwirizano wopanda mfumu suyenda. Koma mgwirizano wa mfumu yokha ndi woopsa kwa anthu, ndi woopsanso kwa mfumuyo. Munthu mmodzi savuta kumunyengerera: alawansi ya ku hotela, malata a nyumba, ntchito ya ulonda ya mphwake. Ngakhale mfumu yokana zonsezi, ikasaina yokha m'chipinda, mawa zinthu zikavuta anthu ake adzati idadya ndalama, ndipo idzasowa mboni. Mfumu yanzeru imakana kukambirana kuseri. Imaitanitsa komiti yosankhidwa pabwalo, ya amayi, achinyamata, a mipingo ndi a mizikiti, aphunzitsi, a m'makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, ndipo mwa iwo mukhale enieni amene minda yawo ikupita. Akomitiwo asalandire malipiro kuchokera ku kampani imene akukambirana nayo, ndipo akhale ndi nyengo yotulira pansi udindo, chifukwa komiti yokhalitsa nayo imasanduka kampani ina.

Chikalata chikabwera, chibwere m'chilankhulo cha eni dera, kaya Chichewa, Chitumbuka, Chiyawo kapena Chingonde, ndipo chigone m'mudzi masabata angapo, chiwerengedwe mokweza pabwalo ndime ndi ndime. Mawu oti kampani idzayesetsa, idzaganizira, idzathandiza ngati chuma chilola, afufutidwe, chifukwa palibe woweruza angagamule kuti munthu sadayesetse. Pamene alemba kuti tidzathandiza pa maphunziro, palembedwe kuti midadada ingati, pa sukulu iti, pofika mwezi uti, ndipo ikapanda kumangidwa kampani idzaika ndalama zingati m'thumba la mudzi. Pamene alemba kuti tidzalemba ntchito anthu a kuno, afotokoze kuti wa kuno ndani, angati pa anthu 100 alionse, ndipo ndi angati adzaphunzitsidwe kuyendetsa makina, kuwotcherera ndi zamagetsi mgodi usadatsegulidwe. Mukapanda kutero ana anu adzakhala ogwira zikwanje ndi okweza mbendera pamsewu kwa miyezi isanu ndi umodzi, ntchito zokhalitsa n'kupita kwa obwera. Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Amayi afunsidwe paokha, pa nthawi imene angathe kubwera, chifukwa ndi iwo amadziwa zinthu zimene siziwoneka pa mapu a kampani: chitsime chimene sichiphwa mu October, dambo la dimba limene limadyetsa banja chimanga chikatha m'nkhokwe, njira yachidule ya ku chigayo ndi ku sikelo, nkhalango ya nkhuni, bowa ndi mankhwala. Wowerengera chipukuta misozi amawerenga nyumba ndi mitengo, koma zinthu zogwiritsa ntchito mudzi wonse kawirikawiri zimapita ulele. Madzi a m'zitsime ndi m'mitsinje ayezedwe khasu loyamba lisadagwe, ndi woyeza amene mbali zonse zamuvomereza, ndipo zotsatira zisungidwe kwa mfumu, ku chipatala ndi ku khonsolo. Za manda zikambidwe poyera ndi eni mbumba, mwa mwambo wa pamalopo, osati tsiku limene thirakitala yafika kale pa msitu.

Musalolenso kuti chipukuta misozi chisakanizidwe ndi mgwirizano wa chitukuko. Ndalama ya munda wanu ndi malipiro a chinthu chimene mwalandidwa, ndipo ndi yanu ngakhale kampani isamange kalikonse. Sukulu ndi chipatala ndi gawo la dera lonse pa chuma chotuluka m'nthaka yake. Wina akati takumangirani mjigo ndiye musavute pa za minda, akukulipirani kamodzi pa ngongole ziwiri. M'chikalatamo mulowenso ndime yoti aliyense wodzagula mgodi kapena esitetiyo adzasenza malonjezo onse, ndi ina yonena za tsiku lotseka: ndani adzakwirira maenje, ndalama yake yasungidwa kuti, ndipo ntchito ikaima mwadzidzidzi ngati mu 2014, chipatala ndi mipopi zidzayenda bwanji.

Ndikudziwa kuti ena ati nkhani zoterezi zithawitsa chitukuko, dziko lili pa njala ya ndalama zakunja. Njala imeneyo tonse tikuimva, pa mzere wa mafuta ndi pa mtengo wa feteleza, ndipo ine ndikufuna migodi itsegulidwe. Koma mwala suthawa. Mwala wa rutile wa ku Kasiya uli ku Kasiya, ndipo kampani imene yathira madola mamiliyoni poufufuza siingachoke chifukwa anthu apempha masabata anayi owerenga chikalata. Kampani yoona patali imadziwa kuti pepala lomveka bwino limaitetezanso iyo yomwe, poti sitima imene idaima ku Cateme idaimitsidwa ndi anthu amene madandaulo awo adasowa kolowera. Woopa kulemba zimene walonjeza wakuuzani kale mmene adzachitire.

Lero maso ali pa Kasiya ku Lilongwe, kumene kuli Sovereign Metals imene idagwirizana ndi Rio Tinto mu 2023, pa Kangankunde ku Balaka kumene kuli Lindian Resources, ndi pa phiri la Songwe ku Phalombe kumene kuli Mkango Resources. Inu a m'madera amenewa, ndi inu nonse amene mwaona anthu achilendo akukhoma zikhomo m'minda mwanu, musadikire kuitanidwa. Sonkhanani nokha alendo asadabwere, mugwirizane zimene mukufuna ndi zimene simungalole. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho pitani kwa DC mukapemphe lipoti la zachilengedwe ndi mapu a malo amene chiphaso chikukhudza. Fikirani mabungwe monga CCJP, Church and Society kapena CEPA akuthandizeni kupeza loya amene salipidwa ndi kampani. Ana anu a m'tawuni ndi a ku Joni asonkhe ya minibasi, mutume anthu anayi kapena asanu, amayi akhalepo, apite ku Kanyika ndi ku Mwabulambo akamve kwa eni ake. Ndipo wina akadzaima pabwalo panu n'kunena kuti musamangenso poti musamuka, mufunseni tsiku, mumupatse pepala ndi cholembera, ndipo mpaka atasaina pitirizani kuumba njerwa zanu.